KUMENE MADZI A M'SEPTIKI TANKI AMATHERA

Mwezi uno tikambirane nkhani imene anthu aulemu saikamba nsima iri pamphasa, ngakhale kuti ikhudza madzi omwe nsimayo yaphikidwa nao. Munthu akamanga nyumba ya cimbudzi ca madzi amangokoka cingwe, madzi nakokolola zonse, ndipo mtima wake umakhala pansi poyesa kuti nkhani yathera pomwepo. Komatu akulu anati madzi saiwala khwawa. Madzi amene atuluka m'cimbudzi canu lero ali pa ulendo, ndipo ulendowo ukathera m'citsime kapena mumtsinje. Cofunika kudziwa ndi cakuti amafikako ali otani, ndiponso kuti akatswiri amazindikira bwanji kumene anacokera.

Septiki tanki ndi cipinda ca konkiriti cokwiriridwa kuseri kwa nyumba, kawirikawiri cogawidwa pawiri. Anayamba kuipanga ndi Mfalansa wina, Jean-Louis Mouras, ca m'ma 1860, ndipo dzina limene tiidziwa nalo linacokera ku Exeter, ku England, mu 1895. Nchito yake ndi yocepa kuposa mmene ambiri aganizira. Madzi akalowamo amakhala tsiku limodzi kapena awiri. Zolemera zimamira ndi kusanduka matope, mafuta ndi thovu zimayandama, ndipo tizirombo tina tosafuna mpweya timadya matope aja pang'onopang'ono. Madzi a pakati ndiwo amasefukira m'dzenje la miyala lija amisiri amalicha sokawe. Madzi amenewa angaoneke ngati otsukira mbale cabe, koma m'kapu imodzi mukali tizirombo ta m'matumbo a munthu zikwi mazanamazana, nthawi zina mamiliyoni.

Amene amatsiriza nchito ndi dothi. Madzi akamatsika pang'onopang'ono m'dothi lokhala ndi mpweya m'timipata take, tizirombo ta matenda timakodwa momwemo. Tina timafa, tina timadyedwa ndi tinzake ta m'nthaka. Kuti zimenezi zitheke pafunika dothi lokwanira, mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, kucokera pansi pa sokawe kufika pamene payambira madzi a pansi pa nthaka. Dothi limeneli likasowa, tanki ingakhale yomangidwa ndi mmisiri wa satifiketi, nyumba ingakhale ya matailosi mpaka kubafa, zotuluka m'sokawe zimalowa m'madzi a anthu onse zikali zaziwisi.

Apa ndi pamene mzinda wa Lusaka uli ndi tsoka lakelake. Gawo lalikulu la mzindawu, makamaka kumwera ndi kumadzulo, lakhala pathanthwe la mwala wa laimu, womwe uja azimai amaswa ndi nyundo m'mbali mwa miseu ndi kuugulitsa m'milu. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, kotero kuti pa zaka zikwizikwi pansi pa mzinda papangika ming'alu, mphako ndi ngalande zosaoneka. Ndiye cifukwa cake zitsime zakuya zobowola ndi makina, zimene tonse timazicha borehole, zimapatsa madzi ambiri ku Lusaka. Pafupifupi theka la madzi a m'mipope ya mzindawu limacokera pansi pomwepa, ndipo theka linalo limapopedwa ku Kafue. Koma m'malo ambiri dothi la pamwamba pa thanthwelo ndi lopyapyala, mwina longofika m'mawondo, ndipo m'ming'alu madzi sasefedwa konse. Amangothamanga monga mumpope. M'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kufika pakhomo. A ku Kanyama amene anaona cigumula ca 1978 safuna wina wowafotokozera.

Zotsatira zake tinaziona ndi maso. Kolera imene inabuka mu October 2017 inagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha isanathe mu 2018, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Pamene a zaumoyo anayesa madzi akumwa m'malo amene matendawo anavuta kwambiri, zitsime zosazama pafupifupi zonse zinapezeka ndi tizirombo ta m'cimbudzi. Zimenezo sizinadabwitse munthu. Codabwitsa cinali cakuti borehole imodzi mwa zitatu inapezekanso cimodzimodzi. Kolera ya 2023 ndi 2024 inaposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000 m'dziko lonse, akufa anakwana pafupifupi 700, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana a sukulu anakhala panyumba mpaka mu February.

Kolera ikabuka cala cimaloza kumakomboni, ku zimbudzi zokumba za ku Misisi, ku Chawama ndi ku John Laing. Mlandu ulipodi kumeneko. Koma ine ndiona kuti a m'mayadi amapulumuka pa mlanduwu mosayenera. Mipope ya zonyansa ya mzinda imafika kunyumba zocepa, zosakwana imodzi mwa zisanu. Zina zonse zimadalira cimbudzi cokumba kapena septiki tanki. Ndipo cimbudzi ca madzi cimatumiza pansi madzi ambiri kuposa cokumba, pakuti m'sokawe mumalowanso a kubafa, a kukhichini ndi ocapira, malita mazana angapo tsiku liri lonse kucokera m'nyumba imodzi. Madzi ambiriwo ndiwo amakankha tizirombo kupita nato patali. Pitani ku Chalala kapena kumalo ena a mapuloti atsopano: nyumba zokongola, mipanda yaitali, ndipo m'kati mwa mpanda uli wonse muli borehole kutsogolo ndi sokawe kumbuyo. Malamulo a 2018, amene bungwe loyang'anira madzi la WARMA limatsata, afuna kuti pakati pa borehole ndi sokawe kapena cimbudzi pakhale mamita 30. Papuloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, muli ndi anansi mbali zitatu ndipo ali yense ali ndi sokawe yake, mamita amenewo mudzawapeza kuti? Ndiponso mlingo wa mamita 30 umathandiza m'dothi wamba. M'ming'alu ya mwala wa laimu madzi angathe kuyenda mamita mazana pa tsiku limodzi.

Palinso cinyengo cina cimene ambiri amacicha nzeru. Amisiri ena amasiya pansi pa tanki posawaka, kapena amasiya mipata m'zipupa, nauza mwini nyumba kuti: "Bwana, iyi siidzadzaza mpaka kalekale." Mwini nyumba amakondwa pakuti sadzalipira galimoto yopopa. Koma tanki imene yakhala zaka khumi yosadzaza siinacite zozizwitsa ai. Ikutaya pansi.

Nanga zonsezi zimafika bwanji kumtsinje? Zina zimayenda pansi pa nthaka. M'cirimwe, mvula italeka miyezi isanu, kamtsinje kakamayendabe ndiye kuti kakumwa madzi a pansi otuluka m'akasupe ndi m'mphepete mwake, ndipo amenewo ndi omwe aja analandira za m'sokawe. Zina zimayenda poyera, tanki ikadzaza ndi kusefukira m'ngalande ya mumseu. Ndipo zina zimatumizidwa dala: kampope kobisika kolunjika m'ngalande, kapena anyamata olembedwa ganyu kuti akapize tanki usiku mvula ikugwa. Madzi a kumpoto ndi kum'mawa kwa mzinda amatsikira mu Ngwerere, amene amathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amakathira mu Zambezi. A kumadzulo amatsata Chunga kukalowa mu Mwembeshi, ndipo Mwembeshi amathira mu Kafue cakumtunda kwa Iolanda, kumene Lusaka amapopa madzi ake akumwa. Kafue ndi mtsinje waukulu ndipo ku Iolanda madzi amatsukidwa ndi mankhwala. Amene alibe cowachinjiriza ndi mlimi wa repu ndi tomato wothirira dimba lake ndi madzi a mu Ngwerere, ana osambira mmenemo, ndi ife ogula ndiwo zake pamsika.

Tsopano tione za kufufuza. Ciyambi cake sicifuna makina, cifuna miyendo. Wofufuza wodziwa nchito yake amayenda m'mbali mwa mtsinje mu September kapena October, pamene madzi acepa ndipo zonyansa ziribe pobisala. Mpope uli wonse umene ukudontha pa nthawi yopanda mvula uli ndi funso loyankha. Mzere wa udzu wobiriwira bii wotsika kucokera kumpanda wina, pamene udzu wonse wozungulira wauma, umaonetsa njira ya madzi a pansi monga momwe mkukuluzi umaonetsera njira ya njoka. Fungo la dzira loola, ndi matope akuda pansi pa mwala mukautembenuza, zimanena kuti mpweya watha m'madzimo. Pamiyala ndi pamizu pamamera zinthu zotuwa zoterera zonga thonje lonyowa. Azungu amazicha bowa wa m'zonyansa ngakhale kuti kwenikweni ndi tizirombo tolumikizana m'timaulusi, ndipo sizimera m'madzi abwino. Ndere zambiri zobiriwira nazonso ndi mboni, pakuti za m'cimbudzi ndi za m'sopo ndi feteleza kwa izo. Usana ndere zimatulutsa mpweya koma usiku zimaumwa, motero nsomba zimaoneka zikupuma pamwamba pa madzi m'bandakuca.

Tizamoyo ta pansi pa miyala ndito mboni zokhulupirika koposa, kaamba kakuti sitisamuka. Botolo la madzi limanena za ola limene munatunga. Tizamoyoti timanena za miyezi yapitayo. Mumtsinje waumoyo, mukanyamula mwala mumapeza tiana ta touluka tosiyanasiyana, tina ta micira itatu yonga ulusi, tina tokhala m'tinyumba ta mcenga tomanga tokha, pamodzi ndi nkhanu. Mumtsinje wolandira zonyansa timeneti timasowa, ndipo m'matope mumadzaza timphutsi tofiira ngati magazi, timene timapirira kusowa kwa mpweya. Ku South Africa anakonza njira yosavuta yochedwa miniSASS, imene ana a sukulu amawerengera magulu a tizamoyoti ndi kupatsa mtsinje malikisi. Zipangizo zake ndi kaukonde, beseni loyera ndi pepala la zithunzi. Sindiona cimene cingaletse mphunzitsi wa sayansi ku Ng'ombe kapena ku Chongwe kucita cimodzimodzi ndi ana ake, malinga avale majombo ndi kusamba m'manja pambuyo pake.

Maso akatha nchito yao pamabwera kacipangizo konga colembera cacikulu, kamene kamayesa kuculuka kwa mcere wosungunuka m'madzi. Anthufe timadya mcere ndi kucapa ndi sopo, motero madzi ocokera m'nyumba zathu amakhala ndi mcere wambiri kuposa a mvula. Wofufuza amakwera mtsinje akuviika kacipangizoko pa mamita 50 kapena 100 ali onse, ndipo pamene nambala yalumpha mwadzidzidzi amadziwa kuti pali cimene calowa capafupi, ngakhale pasaoneke mpope. Amayesanso amoniya, mankhwala aja amanunkha m'mkodzo wokhalitsa. Amoniya akakumana ndi mpweya m'nthaka amasanduka naitireti. Cotero amoniya wambiri amanena kuti gwero liri pafupi ndipo zonyansa ndi zatsopano, pamene naitireti wambiri wopanda amoniya amanena kuti zayenda mtunda kapena zakhalitsa.

Pa naitireti ndiime pang'ono, cifukwa ikhudza makanda. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kupitirira apo, khanda la miyezi yocepa lomwa mkaka wa m'citini wosungunula ndi madziwo lingathe kudwala matenda olepheretsa magazi kunyamula mpweya, milomo ndi zala nizicita bii. Naitireti alibe fungo, alibe mtundu, ndipo sacoka ndi klorini. Kuwiritsa, kumene kumapha tizirombo, kwa iye kumangoonjeza, popeza madzi amacepa ndi nthunzi koma iye amatsala mumphika. Akulu sananame kuti tsoka silinunkha.

Muyeso waukulu pa yonse ndi wa tizirombo. Kufunafuna kacirombo ka kolera kapena ka taifodi m'mtsinje kuli ngati kufuna singano m'nkhokwe, motero akatswiri amafuna mnzake woyenda naye, wochedwa E. coli, amene dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, anamufotokoza mu 1885. Kacirombo kameneka kamakhala m'matumbo a munthu ndi a nyama mosawerengeka, ndipo kakapezeka m'madzi ndiye kuti cimbudzi cafikamo posacedwa. Kayesedwe kake ndi kotere: amatenga mamililita 100 a madzi, ndiko kuti osakwana theka la kapu, nawasefa pa kapepala ka timabowo tocepetsetsa, kapepalako amakaika m'kambale ka cakudya ca tizirombo, nakafunditsa pa madigiri 44 usiku wonse. M'mawa kacirombo kali konse kamene kanakodwa kaswana ndi kupanga kadontho kooneka ndi maso, ndipo munthu amangowerenga timadontho. M'madzi akumwa simuyenera kupezeka ngakhale kamodzi. Kulinso njira yochipa imene inayambira ku India mu 1982: kabotolo kokhala ndi kapepala ka mankhwala m'kati, kamene mumathiramo madzi ndi kusunga tsiku limodzi kapena awiri. Madziwo akada bii, musamwe. Njira iyi siiwerenga tizirombo ndipo nthawi zina imanamizira madzi osalakwa, koma kumudzi kopanda magetsi iri ndi phindu lake.

Komabe E. coli ali ndi cilema cimodzi: sanena dzina la mwini wake. Wa ng'ombe, wa nkhumba, wa mbalame ndi wa munthu amaoneka cimodzimodzi m'kambale. Mu Ngwerere mumalowanso madzi ocokera kumalo otsukira zonyansa a Manchinchi ndi maiwe ake a ku Garden, a m'makola a nkhuku ndi a m'misika. Mukapita kwa mwini nyumba ndi pepala la ku laboratore adzakuuzani kuti ndi ng'ombe za kumtunda, a ng'ombe adzati ndi kampani ya madzi, ndipo a kampani adzaloza matanki. Kaamba ka mkangano wotere akatswiri anafunafuna zizindikiro zimene munthu yekha ndiye angasiye.

Yakale kwambiri ndi ya utoto. Amathira m'cimbudzi ca nyumba yoganiziridwa utoto wochedwa fluorescein, wosapweteka munthu kapena nsomba, umene kasupuni kamodzi kamabiriwitsa madzi ambirimbiri. Ndiye amakadikira kungalande, kukasupe kapena kucitsime ca mnansi. Pamene sangathe kudikira usana ndi usiku amamangirira m'madzi timatumba ta makala okonzedwa mwapadera, timene timagwira utotowo ngakhale udutse wocepa wosaoneka ndi maso. Madzi a m'ngalande akabiriwira ola limodzi cithirireni utoto, mlandu watha. Palibe ng'ombe imene inalowa m'bafa la munthu. Mmene mwala wa laimu umaperekera madzi patali zinaoneka bwino ku France mu August 1901, pamene mphezi inatentha fakitale ya kacasu ya Pernod m'tauni ya Pontarlier. Poopa kuphulika, anchito anatayira kacasuyo mumtsinje wa Doubs. Patapita masiku awiri, kasupe wa mtsinje wina, wa Loue, kuseri kwa mapiri pa mtunda woposa makilomita 10, anayamba kununkha kacasu yemweyo. Mpaka tsikulo anthu ambiri ankayesa kuti mitsinje iwiriyo siidziwana. Thanthwe la kumeneko ndi la mtundu umodzi ndi limene Lusaka wakhalapo.

Njira imene ine imandikondweretsa koposa ndi ya sopo. M'sopo waufa wocapira zobvala amaikamo mankhwala owalitsa nsalu, aja amacititsa shati yoyera kuoneka yoyera kuposa mmene iliri. Mankhwalawa amawala mobiriwira ngati thambo akaunikidwa ndi nyali ya mtundu uja a kubanki amaunikira ndalama pofuna kudziwa ngati ndi yeniyeni. Wofufuza amatenga kathonje kosawalitsidwa, nakamangirira m'kawaya, nakasiya m'ngalande masiku angapo. Akakatulutsa amakaunika mumdima. Kakawala, ndiye kuti m'madzimo mukulowa ocapira a m'nyumba, ndipo kumene kwadzera ocapira n'komwenso kumadzera a m'cimbudzi. Mtengo wake ndi wa thonje ndi nyali basi.

Malaboratore akuluakulu amapita patsogolo. Amafuna kafini, mankhwala a mu tiyi, khofi ndi zakumwa zina, amene mbali yake imatuluka m'thupi kapena kutayidwa m'sinki; amafunanso timankhwala totsekemera toikidwa m'zakumwa m'malo mwa shuga, timene thupi siligaya ndipo timakhalitsa m'madzi a pansi. Mbuzi siimwa tiyi. Ena amayesa DNA ya tizirombo ta mtundu wa Bacteroides topezeka makamaka m'matumbo a munthu, pogwiritsa nchito makina a mtundu womwe uja anayesera Covid-19, ndipo angathe kusiyanitsa za munthu ndi za ng'ombe. Ku America aphunzitsa ngakhale agalu kununkhiza m'ngalande ndi kukhala pansi kapena kuuwa akamva za munthu, osalabadira za nyama.

Dziko lathu liri ndi mbali yake m'mbiri imeneyi. Akatswiri a British Geological Survey, pamodzi ndi a University of Zambia ndi a kampani ya madzi ya Lukanga, anayesa zitsime ndi maborehole a ku Kabwe, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2015. Anapeza kuti mankhwala odzola pothamangitsa udzudzu, ochedwa DEET, anali pafupifupi m'madzi onse amene anayesa, ocepa kwambiri inde, koma okwanira kuonetsa kuti zimene tisamba pathupi zimabwerera m'citsime. Komweko anayesanso kacipangizo kounika madzi ndi kuwala kwapadera. Zotsalira za tizirombo zimabweza kuwalako, ndipo nambala imaoneka nthawi yomweyo m'malo modikira mpaka mawa. Kacipangizoka sikalowa m'malo mwa kambale ka E. coli, koma kamathandiza munthu mmodzi kuyendera zitsime zambiri pa tsiku ndi kudziwa zoyenera kuyamba nazo.

Wina asayese kuti bvutoli ndi la maiko osauka okha. Ku Ireland, kumene nyumba pafupifupi theka la miliyoni zimadalira matanki otere, lamulo la 2012 linakakamiza eni nyumba kulembetsa matanki ao, ndipo kuyambira 2013 a boma amayendera ena caka ndi caka. Zaka zambiri pafupifupi theka la matanki oyenderedwa limalephera, kawirikawiri pa cifukwa cimodzi cocititsa manyazi: sanapopedwe. Matope akadzaza m'tanki, madzi alibenso malo okhalira tsiku lija limodzi kapena awiri. Amangolowa uku ndi kutulukira uko, atanyamula zonse.

Kwa inu amene muli ndi tanki kuseri, kufufuza kuyambire pakhomo panu, wa boma asanabwere ndi utoto wake. Funsani kuti inapopedwa liti. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi liyenera kupopetsa pa zaka ziwiri kapena zitatu ziri zonse. Tsegulani cibvundikiro masana, muli awiri, ana ali kutali, ndipo wina asayese kulowamo kapena kuweramiramo, pakuti mpweya wa mmenemo umapha munthu asanakuwe. Madzi ayenera kukhala pa mlingo wa mpope wotulukira. Akakhala pansi kwambiri, tanki ikudontha. Pisani mtengo wautali wokulungidwa nsanza yoyera kumapeto: matope akafika gawo limodzi mwa atatu a kuya kwa madzi, nthawi yoitana opopa yakwana. Ndipo opopawo muwafunse kumene akatayire, cifukwa galimoto imene ibwerako msanga kwambiri mwina yangofika pachire la pafupi. Amene muli pa lendi muli ndi ufulu wofunsa eni nyumba mafunso omwewa, pakuti amene amwa madzi a paborehole ya pamenepo ndi ana anu. Mukaona mpope wotayira zonyansa mumtsinje, kauzeni wa zaumoyo wa pakiliniki yanu, a khonsolo, kapena a ZEMA, bungwe loyang'anira zacilengedwe.

Madzi a paborehole kapena a pacitsime mungathe kukayesetsa ku University of Zambia, ku Zambia Bureau of Standards kapena kukampani ya madzi ya m'cigawo canu, ndipo mabanja angapo omwa pamodzi angathe kusonkherana mtengo wake. Pemphani kuti ayese E. coli ndi naitireti. Botolo mukatenge kwa iwo, lophedwa tizirombo kale. La zakumwa lotsuka panyumba lidzakupatsani yankho labodza. Tsegulani mpope madzi athike mphindi ziwiri kapena zitatu, dzazani botolo osakhudza pakamwa pake, liikeni m'cozizira ndi kulifikitsa maola asanu ndi limodzi asanathe. Kufikira yankho litabwera, thirani klorini kapena wiritsani madzi akumwa. Yesetsani kawiri pa caka, mu October ndi mu February. Mapepala awiriwo akasiyana, khulupirirani la February, pakuti ndi pamene madzi a pansi akwera kufika pa sokawe.